Chiswe chakwera mpaka kudenga: kodi ndikagumule chulu cha aneba?

Mayi wina wa ku Lunzu walemba kuti: "Nyumba yathu tinamanga zaka 6 zapitazo ndi njerwa zootcha, koma tinamangira dothi n'kupaka pulasitala wa simenti. Felemu ya chitseko cha kuchipinda tasintha kawiri chifukwa cha chiswe. Pano ndikuona timizere ta dothi tikukwera khoma mpaka kusiling'i. Ndapopera Doom, ndathira parafini ndi oilo wakale wa galimoto, koma sabata isanathe chimakhala chabwereranso. Kumunsi kwa khoma lomwelo penti ikumatuka. Kuseri kwa mpanda kuli chulu cha aneba chimene amagwirapo ngumbi, ndipo abale anga akuti vuto ndi chimenecho, ndikachigumule n'kuthirapo mankhwala. Ndichite chiyani?"

Mayi, chulu cha anebacho chisiyeni kaye. M'kalata yanu yonse, mawu amene andiimitsa ndi akuti penti ikumatuka kumunsi kwa khoma. Inu mwawalemba mongodutsa, koma nkhani yagona pamenepo. Khoma limenelo likumwa madzi, ndipo chiswe chimatsata madzi kuposa mmene chimatsatira matabwa. Mukapanda kupeza kumene chinyonthocho chikuchokera, mudzagula felemu yachitatu ndi yachinayi, kalipentala n'kumakupatsani moni wa pachibale.

Tengani chiswe chimodzi muchiike padzanja panja dzuwa likuswa mtengo. Sichichedwa kufooka. Thupi lake ndi lofewa, khungu lake silisunga madzi ngati la nyerere kapena mphemvu. N'chifukwa chake sichiyenda poyera. Timizere ta dothi mukutionato ndi misewu yofolera imene chimamanga ndi dothi losakaniza ndi malovu ake, kuti chiziyenda mumdima ndi m'chinyontho kuchokera pansi kukafika pamene pali chakudya, n'kubwereranso. Chimene mumachiona mukaphwanya mzerewo ndi antchito chabe, pamodzi ndi agang'a a mitu ikuluikulu amene amalondera. Mayi wawo, manthu, ali pansi penipeni, ntchito yake n'kuikira mazira masauzande ambiri tsiku lililonse, ndipo amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 10. Ndiye mukapopera Doom mumapha mazana angapo amene ali pamzerepo nthawi imeneyo. Kumudzi kwawoko sadziwa n'komwe kuti kwagwa maliro. Doom anapangidwira udzudzu, ntchentche ndi mphemvu zimene zili poonekera, alibe mphamvu yolowa m'dothi n'kukhalamo.

Parafini ndi oilo wakale ndimazimva pafupifupi nyumba iliyonse imene ndaitanidwako. Zoona zake, chiswe chimadana ndi fungo lake, ndiye chimalambalala pamene mwathirapo n'kukatulukira chapafupi pomwepo. Mumaona ngati mwapambana, pamene mwangochisunthira pangodya imene simuyang'anako. Komanso parafini pamatabwa ouma a denga ndi kuitana moto, makamaka m'nyumba imene mumayatsa kandulo magetsi akazima. Oilo nayenso amatseka thabwa kunja kokha, moti tsiku limene mudzafune kupaka mankhwala enieni sadzalowa, ngakhale penti sidzagwira. Musathirenso.

Kamangidwe ka nyumba yanu kakundiuza njira imene chikudzera. Njerwa yootcha chiswe sichingaiboole, simenti yabwino sichingaidye. Koma pakati pa njerwa zanu pali dothi, kuyambira pamaziko mpaka pamene pagona mitengo ya denga. Kwa chiswe umenewo ndi msewu wa tala wobisika kuseri kwa pulasitala. Akuluakulu anati chiswe chikaboola chikwa chayambira patali, ndipo timizere takunjato nthawi zambiri timaoneka chitayenda kale m'kati mwa khoma kwa miyezi. Felemu ija inadyedwa kawiri chifukwa amisiri ambiri amakwirira miyendo ya felemu pansi asanathire simenti ya pabalaza, kuti ilimbe. Thabwalo limakhala likugunda dothi lenileni. Ndipo ngati inali ya paini, monga matabwa ambiri ochokera ku Chikangawa amene amagulitsidwa osanyikidwa m'mankhwala, munali mutachiikira nsima ndi ndiwo zomwe.

Musanagule chilichonse, pezani tsiku limodzi loyendera nyumba. Mufunika tochi, makwerero ndi msomali wa mainchesi 6. Uzani mnyamata wopepuka thupi akwere m'siling'i, aziponda pamitengo yokha osati pabolodi. Agogode mtengo uliwonse, makamaka umene wagona pamwamba pa khoma ndi nsonga za mapaso pamene zakhudza njerwa. Mtengo wabwino umalira molimba, wodyedwa umalira ngati ng'oma yobooka. Akabaya ndi msomali n'kulowa ngati akubaya papaya lakupsa, ndipo m'kati muli dothi, chimenecho ndi chiswe. Chimadya m'kati n'kusiya kachikopa kopyapyala kunja, moti mtengo umaoneka wabwinobwino mpaka tsiku la chimphepo. Akapeza timabowo ting'onoting'ono tozungulira ndi ufa wosalala ukugwera pansi, popanda dothi, ndiye kuti mtengowo wangofumbwa, ndipo tizilombo take ndi tina, sitichokera pansi. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kuwononga ndalama kuthira mankhwala m'dothi pamene vuto linabwera ndi matabwa osauma kuchokera kumsika.

Timizere tapakhoma musatisese tonse. Phwanyani kachigawo kotalika ngati chala pa mzere uliwonse, mulembe ndi choko pambali pake, mudikire masiku awiri kapena atatu. Umene wamatidwanso ndi dothi lonyowa ndi msewu wamoyo. Utsateni kutsika mpaka pamene watulukira, kaya ndi mng'alu wapakati pa khoma ndi simenti ya pansi, kaya ndi pamene paipi yalowera m'nyumba. Kenako tulukani mukaime kunja kwa khoma lomwelo muyang'ane pansi.

Ndinaitanidwa nyumba ina ku Chirimba imene eni ake anali atathira mankhwala katatu osaphula kanthu. Unali mwezi wa October, fumbi lokhalokha, udzu wonse utauma. Koma kuseri kwa khitchini kunali kachitsamba ka bonongwe kobiriwira bwino, kotsamira khoma. Ndinafunsa ngati amathirira, anati ayi, kanangomera kokha. Titakumba ndi khasu pang'ono tinapeza paipi ya madzi ikudontha polumikizira, dontho limodzilimodzi, mwina kwa zaka. Dothi lake linali lozizira ngati la kudimba, ndipo chiswe chinali piringupiringu kuzungulira paipiyo mpaka kulowa nayo pansi pa sinki. Chokonzera chake chinali kachitsulo kolumikizira ndi tepi yoyera ya mapaipi, mtengo wake wosafika ngakhale wa botolo limodzi la mankhwala amene ankathira aja. Kuyambira pamenepo ndikafika pakhomo m'chilimwe ndimayamba ndayang'ana pamene pali zobiriwira.

Kwanu kungakhale paipi, koma palinso zina zimene ndimazipeza kawirikawiri. Madzi osambira ochokera kubafa amangotuluka pakabowo n'kudikha m'mbali mwa khoma. Madzi a padenga amagwa molunjika pamaziko chifukwa malata sanatuluke mokwanira. Maluwa amadzalidwa mogundana ndi nyumba n'kumathiriridwa m'mawa uliwonse. Ndipo chachikulu, dothi lakunja limakwera chaka ndi chaka chifukwa chosesera kukhoma kapena chifukwa cha matope obwera ndi mvula. Pomanga, amisiri amayala pulasitiki wakuda uja amati DPC pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere khoma. Mwa malamulo a kamangidwe, ayenera kukhala masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa dothi lakunja. Dothi likakwera n'kumupitirira, pulasitikiyo amasanduka wopanda ntchito, madzi amangomulumpha. Funsani amene anakumangirani ngati anamuika n'komwe, chifukwa ena amamusiya pofuna kupulumutsa ndalama. Kandani pulasitala pang'ono kumunsi muone nokha.

Ngati dothi lakwera, lichotseni ndi khasu mpaka mizere iwiri ya njerwa za maziko ionekere, ndipo mulisalaze motsetsereka kuti madzi azithawa nyumba. Madzi akubafa apatseni paipi kapena ngalande ya simenti yokafika ku dzenje la miyala kutali ndi khoma. Maluwa asamutseni. Nkhuni, matabwa otsala pomanga, makatoni ndi mphasa zakale zimene zatsamira khoma zichoke, nkhunizo muziunjike pathandala patali. Ngati pamalopo panali mitengo imene munadula pomanga, fufuzani zitsa zake, chifukwa chitsa chowola pansi ndi nkhokwe ya chiswe. Denga nalonso liyang'aneni masana muli m'siling'i: paliponse pamene pakulowa kuwala, mvula imalowanso, ndipo mtengo wonyowa ndi umene chimayambira. Msomali wa malata umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande yake moyenda madzi. Umene wakhomedwa molakwika uzulidwe, bowolo limatidwe ndi tepi ya phula.

Khonde la simenti lozungulira nyumba, lotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi ndiponso lopendekera kunja, ndi limene lidzaumitse khoma lanu. Koma musalimange musanathire mankhwala, chifukwa mankhwalawo ayenera kukhala pansi pake.

Tsopano za mankhwala. Amene amagwira ntchito pa chiswe chochokera pansi ndi othira m'dothi, osati opopera pakhoma. Pali mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. Ina, monga chlorpyrifos amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Dursban, imapha msanga chimene chakhudza ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Ameneyu ndi woopsa kwa anthu, makamaka ana ndi amayi oyembekezera, moti mayiko a European Union anamuletsa mu 2020. Ine m'nyumba yogonamo anthu sindimulangiza. Mtundu wina ndi wa fipronil, amene amapezeka m'mankhwala monga Termidor, ndi imidacloprid amene ali mu Premise. Awa chiswe sichiwamva fungo. Chimadutsa m'dothi lothiridwalo osadziwa, sichifa nthawi yomweyo, chimapita nawo kwawo. Poti chiswe chimanyambitana ndi kudyetsana pakamwa, poizoniyo amafalikira kwa anzake amene sanafike n'komwe panyumba panu. Ndiye musadabwe kuona chikuyendabe patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Apo m'pamene anthu amataya mtima n'kutenganso Doom, n'kupha amithenga amene anayenera kunyamula mankhwala kupita nawo kwa manthu. Ugwireni mtima, musapopere kanthu.

Kathiridwe kake n'kotere. Mumakumba kangalande mogundana ndi maziko kuzungulira nyumba yonse, kotambalala ngati khasu, kuya kwake masentimita 15 mpaka 30, osasiya mpata ngakhale pamasitepe. Mumasungunula mankhwala m'madzi motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, osawonjezera poganiza kuti achita mphamvu, osachepetsa pofuna kuti akwanire. Mabotolo ambiri amanena malita pafupifupi 5 a madzi osungunulawo pa mita iliyonse ya ngalande, ndiye nyumba ya mamita 40 kuzungulira imamwa pafupifupi dilamu yathunthu ya malita 200. Munthu akabwera ndi kampope kakumsana kamodzi n'kunena kuti wamaliza nyumba yonse m'theka la ola, wakunyowetserani fumbi chabe. Thirani ndi kheni, gawo lina pansi pa ngalande, gawo lina padothi limene mukukwirira nalo. M'kati mwa nyumba, pamene chiswe chatulukira, pamafunika kuboola simenti ya pansi m'mbali mwa khoma, timabowo totalikirana pafupifupi masentimita 30, kuthiramo mankhwala n'kutsekanso ndi simenti. Pamenepa pokha ndingakonde mutaitana odziwa ntchito amene ali ndi makina ake, chifukwa pansi pamadutsa mapaipi.

Nthawi yabwino ndi September kapena October, mvula isanayambe. Dothi likakhuta madzi silimwa mankhwala, ndipo mvula ikagwa tsiku lomwelo imawakokolola. Wothirayo avale magolovesi, magambuti, zovala za manja aatali ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, asadye kapena kusuta ali pantchito, akamaliza asambe ndi sopo. Ana, nkhuku ndi agalu zikhale kutali mpaka ngalande itakwiriridwa. Fipronil amapha nsomba ndi njuchi, ndiye madzi otsukira kheni asatayidwe mungalande yopita kumtsinje. Ngati pakhomo panu kapena pa aneba pali chitsime chapafupi, musathire nokha, ayambe aona katswiri. Botolo likatha libooleni, lisadzasanduke lotungira madzi kapena losungira mafuta ophikira. Wina akamwa kapena akayamba chizungulire, kusanza ndi kutuluka dovu, musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa, thamangirani naye kuchipatala botolo lili m'manja kuti adokotala aone chimene chamupweteka.

Gulani m'sitolo yovomerezeka yogulitsa mankhwala a ulimi, botolo lomata bwino, lokhala ndi chizindikiro, malangizo ndi tsiku lotha mphamvu. Kuno kwathu amene amalembetsa mankhwala otere ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi opopera ndi bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa wopopera aliyense kuti akuonetseni chiphaso chake ndi botolo limene akusungunula. Zam'timabotolo topanda dzina ta pamsika zisiyeni. Akuluakulu ena adzakuuzani za mankhwala akale, dieldrin ndi aldrin, kuti ankathira kamodzi nyumba n'kukhala zaka makumi. N'zoona, ndipo chifukwa chomwecho chosawola m'dothi n'chimene chinachititsa kuti aletsedwe pa mgwirizano wa mayiko wa ku Stockholm wa 2001, poti amakathera m'madzi, m'nsomba ndi m'matupi a anthu. Tameki si wa chiswe ndipo wapha anthu ambiri. Mapiritsi aja oika m'chimanga chosunga, a aluminium phosphide, ena amawaponya m'mauna a chiswe m'nyumba. Chonde musayerekeze. Amatulutsa mpweya wa poizoni umene umayenda m'ming'alu n'kupha anthu ali m'tulo.

Matabwa odyedwa achoke, muwatenthe. Pachitseko chimene chakuvutitsani kawiri, ikani felemu yachitsulo nkhani ithe. Mukafunabe yamatabwa, miyendo yake ithere pamwamba pa simenti, igwidwe ndi zitsulo za m'khoma, isakwiriridwe. Mlombwa umalimba ndithu, koma mtima wake wofiirira wokha, mbali yoyera yakunja chiswe chimadya bwinobwino, ndiye muziyang'ana thabwa musanalipire. Wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje, n'zoona kuti chiswe chimaukana, koma mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo, musagule. Kudenga, mtengo wodyedwa pang'ono ukhoza kuphatikizidwa ndi wina watsopano m'mbali mwake, koma umene msomali walowa mpaka pakati usinthidwe mvula isanabwere. Matabwa abwino ndi onyikidwa m'mankhwala kufakitale, aja amaoneka obiriwirira. Mukagula wamba, akhale ouma, ndipo muwapake mankhwala oteteza matabwa a Solignum kawiri mbali zonse zinayi asanakwere. Chimene akalipentala amaiwala ndi nsonga: amapaka thabwa lonse bwinobwino, kenako n'kulidula ndi sowo, mbali yodulayo n'kuigoneka pakhoma ili yoyera. Chiswe chimalowera pomwepo. Imani pomwepo ndi kabulashi, paliponse padulidwa papakidwe. Pamwamba pa khoma, pamene pagona mitengo, ikanipo simenti yolimba kuti dothi la pakati pa njerwa lisakhudzane ndi thabwa.

Za chulu chija. N'kutheka kuti chiswe chanu chikuchokera kumeneko, chifukwa cha pachulu chimayenda pansi mamita makumi angapo kukasaka chakudya. N'kuthekanso kuti ayi. Pali mitundu yambiri ya chiswe imene simanga chulu choonekera, imakhala pansi penipeni, m'zitsa, ngakhale pansi pa simenti ya chipinda chanu chomwecho. Ndaonapo anthu akulemba aganyu kukumba chulu masiku atatu, kutulutsa manthu n'kumuonetsa mudzi wonse, patatha miyezi iwiri timizere n'kubwereranso pakhoma lomwe lija. Ndiye mukhoza kudana ndi aneba pachabe. Chulucho chili pamalo awo, ndipo kwa iwo ndi ndiwo za December. Kuthirapo mankhwala mwakabisira n'koopsa kwambiri, chifukwa ngumbi zake adzadya ndi ana, bowa womera pamenepo adzazula, ndipo mukudziwa kuti amayi ena oyembekezera amakonda kudya dothi la chiswe. Chimodzimodzinso kwanu: mukathira mankhwala, uzani onse a pakhomo kuti dothi la pakhoma kapena pamitengo yapafupi lisadyedwe, ndipo ngumbi zotuluka m'mbali mwa nyumba chaka chimenecho zisatoledwe.

Pitani kwa anebawo mukacheze nawo mwaulemu, muwauze tsiku limene mukuthira kuti atsekere nkhuku zawo, ndipo muwafunse ngati nawonso chikuwavuta. Mukapeza kuti nyumba zonse zozungulira chulucho zikudyedwa, pamenepo mukhoza kugwirizana zochichotsa pamodzi, eni ake atavomera.

Ngati ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi, yambani ndi zimene zimafuna khasu lokha: kutsitsa dothi, kupatutsa madzi, kuchotsa nkhuni ndi maluwa, kukonza podontha. Kenako mitengo ya denga imene yafooka, chifukwa imeneyo ingagwere anthu. Mankhwala ndi khonde zibwere motsatana, felemu pambuyo pake. Penti ikhale yomalizira, ndipo musafulumire nayo: kandani yomatukayo, khoma lipume mpaka chilimwe chotsatira, chifukwa mukapaka likadali lonyowa idzatupanso. Mvula ikagwa kwa mwezi umodzi, cha mu January, zungulirani nyumba ndi tochi ndi msomali uja, muyang'ane kumunsi kwa makoma, kuseri kwa makabati ndi m'siling'i. Mukapeza mzere watsopano, uphwanyeni pang'ono, mulembe tsiku ndi choko, ndipo ukamatidwanso mundilembere mundiuze mbali ya nyumba imene watulukira.